Mafomu a kuno ku Joni: mafunso ndi mayankho

Ndine mlembi wa bungwe lina lothandizana pamaliro la anthu a ku Malawi kuno ku Rosettenville. Tikatseka msonkhano Lamlungu, sipalephera anthu awiri kapena atatu otsalira pakhomo, aliyense kapepala kopindapinda kali m'manja, n'kumati, "Achimwene, tandionerani apa." Lina limakhala la kubanki, lina la kusukulu ya mwana, lina lochokera kwa madamu. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri. Sindine loya, choncho nkhani ikafika pa mlandu pitani kwa odziwa malamulo.

N'chifukwa chiyani kulikonse kuno amayamba n'kukupatsa fomu?

Kumudzi mboni zanu ndi anthu. Anyakwawa amakudziwani, ankhoswe alipo, ndipo mlendo akafunsa za inu pamsika amulozera nyumba ya amayi anu. Kuno kulibe amene anakuonani mukukwawa. Ofesi imakudziwani ndi zimene zili papepala basi, ndipo pepalalo ndi limene limakuyankhulirani inu kulibe: mutakomoka pabedi la chipatala, mutachotsedwa ntchito, kapena mutatisiya.

Amene akupatsani fomu amafuna kutsimikiza kuti ndinudi amene mukunenayo, kudziwa kokupezani, ndi kugamula kanthu kokhudza inu, monga ndalama zimene mulipire kapena ngati mukuyenera chithandizo chimene mwapempha. Nthawi zambiri si iye wofuna, ndi lamulo limene lamukakamiza. Kalaliki wa kubanki akakubwezani chifukwa cha pepala limodzi, si kuti wakudani nkhope. Naye akuteteza ntchito yake.

Pa "Surname" ndi pa "First names" ndilembe chiyani? Ine ndili ndi maina angapo.

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndiye ndichedwapo.

Kwathu munthu mmodzi amakhala ndi dzina laubwana, dzina la kutchalitchi kapena kumzikiti, dzina la bambo ake, ndi mfunda. Kusukulu analembetsa dzina la agogo, pa chiphaso cha unzika anaika la bambo, kuntchito amamutchula lina limene bwana anaona kuti n'losavuta kutchula. Kumudzi zonsezi ndi munthu mmodzi. Kompyuta ya kuno imawerenga anthu anayi.

Tsegulani pasipoti yanu patsamba la chithunzi. Dzina limene lili pa "Surname" pamenepo ndi lomwelo mulembe pa "Surname" pa fomu iliyonse, ndipo maina enawo apite pa "First names" kapena "Given names", monga momwe andandalikidwira. Kopererani chilembo ndi chilembo. Ngati pasipoti ikuti Yusufu, musalembe Yusuf chifukwa choti anzanu a ku Mayfair amalemba choncho. Ngati a imigireshoni analakwitsa chilembo pokupangirani pasipoti, tsatirani cholakwikacho mpaka tsiku limene mudzakonzetse. Zimawawa, koma chilembo chimodzi chikwanira kuimitsa ndalama zimene mwatumiza kumudzi, wokalandirayo n'kubwerera chimanjamanja atalipira kabaza.

Amayi okwatiwa, ngati pasipoti ili m'dzina la kwa makolo anu, lembani lomwelo, osati la abambo akunyumba. Pamene alemba "Maiden name" akufuna dzina limene munali nalo musanakwatiwe.

Tsiku lobadwa nalonso muziliyang'anitsitsa. Ife tinazolowera kuyamba ndi tsiku, kenako mwezi, n'kumalizira chaka. Mafomu ambiri a boma la kuno amayamba ndi chaka. Timalemba ting'onoting'ono ta YYYY MM DD pamwamba pa timabokosi ndi timene tikukuuzani dongosolo lake. Amene simudziwa tsiku lenileni limene munabadwa, la mupasipoti ndilo lanu tsopano.

Pali timabokosi 13 ta "ID number". Nambala ya chiphaso changa cha ku Malawi sikukwana. Nditani?

Timabokosi timeneto si tanu. Ndi ta nambala ya chiphaso cha dziko lino, imene ili ndi manambala 13: asanu ndi limodzi oyambirira ndi tsiku lobadwa, anayi otsatira amasonyeza ngati munthu ndi mkazi kapena mwamuna, kenako pali imodzi yosonyeza ngati ndi nzika kapena mlendo wololedwa kukhala mpaka kalekale. Pambuyo pake pali inanso imodzi, ndipo yomalizira imawerengedwa kuchokera pa zinzakezo, n'chifukwa chake nambala yongopeka kompyuta imaikana pomwepo.

Chiphaso chathu cha NRB, chija anthu anafolera m'chaka cha 2017, chimagwira ntchito kwathu. Kuno fufuzani pamene alemba "Passport number", ndipo pa dziko mulembe Malawi. Fomu ikakhala yopanda malo amenewo, funsani mwini ofesi akuuzeni polemba. Musadzaze timabokosito ndi maziro.

Akufuna umboni wa kumene ndimakhala, koma ndimachita lendi kachipinda kakuseri. Bilu ya magetsi ili m'dzina la landilodi.

Kwathu fomu imafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo keyala ya sukulu ya pafupi imakwanira. Kuno akufuna nambala ya nyumba, dzina la msewu, dera, ndi nambala ya positi ya manambala anayi. Malamulo awiri ndi amene amachititsa zimenezi. RICA, la m'chaka cha 2002, limalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la munthu ndi kumene amakhala. FICA, la 2001, limakakamiza mabanki ndi makampani otumiza ndalama monga Mukuru kudziwa kasitomala wawo, pofuna kutseka njira za ndalama zakuba.

Njira yodziwika ndi iyi: landilodi alembe kalata yonena kuti mumakhala pamalo ake, aphatikize fotokope ya chiphaso chake ndi bilu ya khonsolo. Akakana, kapena ngati mumakhala m'zisakasa ku Diepsloot kumene kulibe bilu, anthu amapita kupolisi kukalemba afidaviti, ndiye kuti mawu olumbirira, wapolisi n'kudinda. Ena amatenga kalata kwa khansala wa dera. Kudinda afidaviti kapena fotokope kupolisi n'kwaulere. Maofesi amasiyana pa zimene amalandira, ndiye funsani kaye musanawononge tsiku lanu la ganyu pamzere.

Simu khadi zogulitsidwa m'misewu zolembetsa kale zimaoneka zophweka. Tsiku limene foni idzabedwe, simudzatha kubwezeretsa nambalayo chifukwa si yanu, pamene akaunti yanu ya banki ndi WhatsApp yonse zamangirira pa nambala yomweyo.

"Next of kin" ndiye ndani? Ndilembe amayi anga a kumudzi?

Ndi munthu woti adziwitsidwe chinthu chikakuchitikirani. Anthu amadumpha mzere umenewu ngati wopanda ntchito, ena amaopa ngati akudziitanira tsoka. Ine monga mlembi wa bungwe la maliro ndimauona kukhala mzere wofunika kuposa yonse pa fomu.

Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo a kwathu. Amene tinali kuno tikukumbukira mmene abale anazungulirira m'zipatala ndi kumotchale, akufunsa munthu ndi dzina limene ofesi ilibe, mapepala ake atapsera momwemo. Ngakhale popanda moto, chaka sichitha osamva za m'Malawi amene wagona kumotchale milungu ingapo chifukwa pa fayilo yake palibe woti aimbiridwe.

Amayi anu ali ku Ntcheu, foni yawo imakhala yozima masiku atatu podikira kotchajira, ndipo nesi wa kuno akaimba sadzamvana chiyankhulo. Lembani munthu wa kuno, amene amayankha foni, amamva Chingerezi kapena Chizulu, ndipo amadziwa kwanu kwenikweni. Muuzeni kuti mwamulemba. Pakakhala malo a munthu wachiwiri, pamenepo ikani wa kumudzi, nambala yake iyambe ndi +265.

Musasokoneze ndi "Beneficiary". Ameneyo ndi wolandira ndalama za inshulansi kapena za penshoni inu mukamwalira. Abambo ena ali ndi banja kumudzi ndi lina kuno, ndipo fomu analemba zaka 10 zapitazo osaikonzanso. Milandu yotere taiweruzapo pamaliro, bokosi lili pakhonde, ndipo sikoma.

Bwana wandipatsa fomu, akufunanso fotokope ya pasipoti. Kodi si msampha?

Nthawi zambiri ndi chizindikiro chabwino. Lamulo la ntchito la 1997 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito pepala lonena dzina la bwana, ntchito yake, tsiku loyambira, maola, malipiro ndi tchuthi. Izi zikukhudzanso ogwira ntchito zam'nyumba ndi zam'maluwa. Wogwira maola opitirira 24 pamwezi kwa bwana mmodzi amayenera kulembetsedwa ku UIF, thumba la boma lothandiza amene ntchito yawathera, kumene 1 peresenti imachoka pa malipiro anu, bwana n'kuonjezapo 1 peresenti ina. Ntchito ikatha, fomu ya UI-19 ndi imene imasonyeza kuti munagwira kuyambira liti mpaka liti. Ndipo kuchokera pa chigamulo cha khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko mu Novembala 2020, antchito am'nyumba nawonso amayenera chipepeso akavulala kapena kumwalira pantchito. Zonsezi zimayenda ndi dzina ndi nambala zimene zili pa fomu ija.

Mupereke fotokope, osati pasipoti yeniyeniyo. Pasipoti yanu isagone m'kabati ya bwana ngakhale atanena kuti akukusungirani.

Komanso nanu mutenge za iye. Mayi wina anabwera kwa ine atachotsedwa ntchito patatha zaka 6, akufuna kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Fomu ya kumeneko, ija amaitcha 7.11, imafuna dzina lonse la bwana ndi adiresi yake. Mayiwo ankangodziwa kuti "madamu", nyumba ya geti yobiriwira ku Randburg, potsikira takisi pafupi ndi galaja. Nthawi yokadandaula za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo ndi masiku 30 okha, ndipo sabata yathunthu inatha tikufufuza dzina la msewu. CCMA imamva madandaulo a alendo, ngakhale amene mapepala awo sali bwino, koma singaitane bwana wopanda dzina.

Mnzanga ali ndi mapepala abwino. Ndingalembe dzina lake kuti ndipeze ntchito?

Ndikudziwa chimene chimafikitsa munthu pamenepo. Masiku 30 amene amatidindira pa Beitbridge sachedwa kutha, ndipo kumudzi akudikira ya feteleza. Koma kulemba zabodza pa mapepala otere ndi mlandu, ndipo ngakhale musagwidwe, taonani kumene thukuta lanu likupita. Malipiro akulowa mu akaunti ya mnzanuyo, UIF ikusonkhedwa m'dzina lake, zaka zimene mwagwira zikuwerengedwa kwa iye. Mukavulala, chipepeso n'chake. Mukadzayambana, adzangotseka khadi la banki. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Kuchipatala n'koopsa kuposa. Fayilo ya mnzanu ili ndi gulu la magazi ake ndi matenda ake, ndipo dokotala adzakupatsani mankhwala poyang'ana zimenezo. Munthu akamwalirira m'dzina lobwereka, chiphaso cha imfa chimatuluka m'dzina la wamoyo, ndipo kutulutsa thupi kuti lipite kumudzi kumasanduka mlandu wa miyezi.

Bwanji amafunsa mtundu wa khungu?

Ndi zotsalira za mbiri ya dziko lino. Lamulo la 1998 lofuna kukonza tsankho la nthawi ya apartheid limalamula makampani kupereka chiwerengero cha antchito awo potengera mtundu. Chongani pa "African", ndipo ngati pali funso loti ndinu mlendo, yankhani zoona.

Fomu ya kuchipatala imafunsa malipiro anga ndi matenda anga. Ndinene zonse?

Za malipiro amafunsa chifukwa zipatala za boma zimaika odwala m'magulu, wopeza zochepa n'kulipira zochepa. Musadzikweze pofuna ulemu pamaso pa kalaliki, bilu idzabwera yolingana ndi zimene mwanenazo.

Za matenda nenani zonse. Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, tchulani, ndipo botolo lake mupite nalo. Ngati thupi lanu limadana ndi mankhwala ena, monga penisilini kapena Bactrim, pa "Allergies" ndi pamalo pake. Mankhwala achikuda amene mukumwa muwatchulenso, adokotala sadzakumangani. Lamulo la zaumoyo limaletsa achipatala kuulula za matenda anu kwa bwana wanu kapena aneba popanda chilolezo chanu.

Ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linagamulanso kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera. Kunena zoona, pageti la kiliniki zinthu siziyenda motero masiku onse. Koma dziwani kuti anthu wamba oima pageti alibe mphamvu yokufunsani pasipoti. Mphamvu imeneyo lamulo linaipereka kwa apolisi ndi a imigireshoni.

Mwana wanga alibe chiphaso cha kubadwa. Sukulu ingamukane?

Siyenera kutero. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala, ndipo kholo likhoza kupereka afidaviti yofotokoza za mwanayo. Kuno ku Gauteng malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 amafunsira pa intaneti chaka chisanayambe, ndipo adiresi imene mwalemba imakhudza sukulu imene mwana angapatsidwe. Kabuku ka kusikelo, kaja amati Road to Health, musakataye, chifukwa asukulu amafuna kuona katemera. Mwana wobadwira kuno mulembetseni ku Home Affairs pasanathe masiku 30. Mukachedwa njira yake imatalika kwambiri.

Zimene ndalembazo amapita nazo kuti? Angapatse aliyense?

Ayi. Pali lamulo lotchedwa POPIA, limene linakhazikitsidwa mu 2013 ndipo linayamba kuluma pa 1 Julayi 2021. Limateteza munthu aliyense amene mbiri yake ikusungidwa m'dziko lino, osati nzika zokha. Wotolera mbiri yanu akuuzeni chifukwa chake, atenge zokhazo zimene zikufunika pa ntchitoyo, azisunge motetezeka, ndipo asazigwiritse ntchito ina yosagwirizana ndi imene ananena. Muli ndi ufulu wofunsa zimene akusunga zokhudza inu, ndi kuwauza akonze zolakwika. Za umoyo, chipembedzo, ndale, ndi zidindo za zala zili ndi chitetezo chapadera. Mbiri yanu ikabedwa m'makompyuta awo, ayenera kukudziwitsani. Woyang'anira zonsezi ndi ofesi ya Information Regulator, imene imalandira madandaulo ndipo ikhoza kulipiritsa chindapusa chofika R10 miliyoni. Kwathu nako lamulo lofanana nalo linabwera mu 2024.

Lamulo lomweli limalola kuti apolisi kapena khoti apatsidwe mbiri yanu pofufuza mlandu, choncho si kuti fomu ndi chinsinsi cha kumanda. Ndipo makampani aakulu nawo amaboola thumba: mu 2020 kampani ya Experian inapereka mbiri ya anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu wachinyengo. N'chifukwa chake ine kabokosi kakang'ono kakumunsi, kofunsa ngati mukulola kuti azikutumizirani zotsatsa malonda kapena kugawana mbiri yanu ndi anzawo, ndimachonga pa "No". Mlonda wa pageti la nyumba zaofesi akafuna dzina ndi nambala ya galimoto, n'zomveka. Sitolo ya nsapato ikafuna dzina la mwamuna wanu ndi tchalitchi chanu, funsani kuti n'zachiyani.

Ndaona ntchito pa Facebook, akuti ndidzaze fomu ndi kutumiza chithunzi cha pasipoti pa WhatsApp.

Akatchula ndalama ya "registration", ya yunifolomu kapena ya malo, thawani. Lamulo la kuno limaletsa makampani opezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchito. Fomu yeniyeni sifunsa PIN ya khadi lanu, kapena nambala ija imabwera pa SMS mukamagula kanthu. Akamberemberewa ena amayankhula Chichewa chabwino kuposa changa, n'kumakutchulani "mlongo wanga".

Chithunzi cha pasipoti, adiresi ndi siginecha zikwanira kuti munthu atengere ngongole kapena foni ya kontirakiti m'dzina lanu. Mukamapereka fotokope, lembani modutsa pakati pake tsiku ndi chifukwa, monga kuti ndi yofunsira ntchito pamalo akutiakuti, kuti isagwirenso kwina. Mapepala anu akabedwa, kanenani kupolisi mutenge nambala ya mlandu, mudziwitse ofesi ya kazembe wathu kuno ku Johannesburg kapena ku Pretoria, ndipo mulembetse ku SAFPS, bungwe limene limachenjeza mabanki kwaulere kuti dzina lanu likhoza kugwiritsidwa ntchito ndi mbava. Kamodzi pachaka mulinso ndi ufulu woona kwaulere mbiri yanu ya ngongole.

Chingerezi chimandivuta. Ndingapemphe wina andilembere?

Inde, palibe chamanyazi. Koma akuwerengereni mzere uliwonse m'Chichewa musanasayine, pakuti wosayinayo ndinu, ndipo mlandu wa bodza lililonse lili pamenepo ndi wanu. Musasayine fomu yopanda kanthu yoti "tidzadzaza tokha". Pamene funso silikukukhudzani lembani N/A kapena dulani kamzere, kuti wina asadzaonjezerepo zake. Gwiritsani ntchito cholembera chakuda ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mukalakwitsa dulani kamodzi n'kusayina pambali, osapaka zoyera zija. Amene simutha kusayina, maofesi ambiri amalola kudinda chala pamaso pa mboni.

Madobadoba oima panja pa maofesi, olonjeza kuti akudutsitsani pamzere, amatsala ndi fotokope ya pasipoti yanu m'chikwama chawo. Ndimakonda kuti munthu apite ndi mwana wa sukulu wa Giredi 9 kusiyana ndi iwowo.

Mukamaliza, jambulani tsamba lililonse ndi foni musanapereke. Kalaliki akadzati fomu yanu sikuoneka, chithunzicho ndi chimene chidzakuyankhireni.

Nanga bungwe lanu limafuniranji fomu, poti tonse timadziwana?

Timadziwana maina a pamsewu. Wina timamutcha Mjomba zaka 8, koma tsiku la zovuta a maliro amafuna dzina la mupasipoti kuti alembe mapepala otulutsira thupi, ndipo ofesi ya kazembe imafuna umboni woti malemuyo ndi m'Malawi. Woyendetsa galimoto naye amafuna kudziwa ngati alowere pa Mwanza kapena pa Dedza, ndi kuti akafika pa boma akhotere kuti.

Fomu yathu ndi tsamba limodzi: dzina monga lilili mupasipoti, nambala yake ndi tsiku lothera, dzina limene anthu amakudziwani nalo kuno, kumene mumakhala, kumene mumagwira ntchito, anthu awiri oti aimbiridwe, wina wa kuno wina wa kumudzi, ndiye mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Pali mzere wa mpingo kapena mzikiti, chifukwa abale athu achisilamu amaika maliro mwamsanga ndipo tiyenera kudziwa pomwepo ngati munthu aikidwe konkuno ku manda a Westpark kapena apite kumudzi. Mafomuwo amakhala m'bokosi lokhoma, makiyi ali kwa ine ndi msungichuma, ndipo sitiika pagulu la WhatsApp.

Ngakhale amene simuli m'bungwe lililonse, lembani tsamba lotere nokha. Limodzi lisiyeni kwa munthu amene mumamukhulupirira kuno, lina mutumize kumudzi pamodzi ndi fotokope ya pasipoti. Mukasintha nambala ya foni kapena kusamuka, konzaninso. Mamembala athu, mafomu atsopano ndimabwera nawo Lamlungu loyamba la mwezi, ndipo mubwere ndi pasipoti yeniyeniyo kuti tikopere dzina kuchokera mmenemo.